Mutu Umene Lumo Linaudumpha

"Ukakaimirira pa manda paja, ukanene zokhazo zimene ukudziwa," anatero a Veronika. "Usakawapatse bambo ako kwawo kwina. Wakufa sayankha, koma ali nawo omuyankhira."

Macdonald sanadzutse mutu. Anali atakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, akupukuta nsapato zake zakuda ndi kansanza konyowa. M'nyumbamo amayi a mpingo ankaimba atazungulira bokosi la a Kaitano, ndipo dzuwa la ku Chiromo linali litayamba kale kuwotcha malata ngakhale unali udakali m'mawa.

"Ndamva, Mayi."

"Sunamve. Ukamva umandiyang'ana."

"Mayi, pitani mukakhale pafupi ndi bokosi. Anthu aziti chiyani, namfedwa ali kuseri kwa nyumba?"

"Aziti namfedwa ali ndi mwana wopanda makutu."

Vuto la a Veronika linali loti anachenjeza kwambiri pa moyo wawo wonse, mpaka machenjezo awo anafika pomveka ngati achule a m'dambo: akulira ndithu, koma munthu n'kumagona tulo ali pomwepo. Ankaletsa ana kukhala chofulatira mtsinje, poti ng'ona imakonda msana. Ankaletsa kukwera kabaza wa mnyamata womwetulira kwambiri. Ankaletsa kudya pa misonkhano ya chipani, kuyankha munthu amene waitana dzina lako kamodzi kokha, ngakhale kugwira foni mitambo ikachita bii. Mwa zonsezi, zochepa zokha ndi zimene zinachitikadi. Komatu wochenjeza salakwa. Wolakwa ndi uja amatopa kumva.

Chimene chinawadzutsa pa mphasa m'mawa umenewo ndi mawu amene anawatola dzulo lake kudzera pa zenera. Macdonald ankanong'onezana ndi amuna awiri a chipani pansi pa mtengo wa nimu, ndipo mmodzi anati, "Pa maliro padzakhala dera lonse, achimwene. Bwalo ngati limeneli silibwera kawiri."

Loweruka la sabata yotsatira kunali chisankho cha chipulula. Chipani chinkafuna munthu mmodzi woti adzachiimire pa ukhansala, ndipo kasankhidwe kake kanali kapoyera: opikisana amaima kutsogolo pa bwalo la sukulu atafulatira anthu, anthuwo n'kundanda kumbuyo kwa amene akumufuna, owerenga n'kumadutsa akugwira mapewa. Opikisana analipo atatu. Augustino, wogulitsa nsomba zouma, ankadalira Asena anzake a m'mbali mwa mtsinje. Howard, wa kumtunda, ankayenda m'midzi ya Amang'anja akunena kuti mpando ubwerere kwa eni nthaka, obwera adya mokwana. Macdonald anali pakati, ndipo pakati pa mtsinje ndi pamene madzi amathamanga.

Ndi Augustino, Howard sankataya naye malovu. Amene ankamutafuna pa msonkhano uliwonse anali Macdonald. "Uyo ndiye si Msena n'komwe," ankatero. "Muyang'aneni tsitsi. Makolo ake ankatigula ndi nsalu ndi mikanda, lero mdzukulu akufuna kutigula ndi pakamwa. Tiimiridwe ndi Mpwitikizi ife?"

Zoona zake zinali izi, ndipo a Veronika ankazidziwa ngati mmene ankadziwira zipsera za m'miyendo mwawo. A Kaitano anawoloka Ruo nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ndevu zitangoyamba kumera, atanyamula nkhafi ndi bulangete. Kwawo kunali kufupi ndi Mutarara. Agogo awo aamuna anali Mpwitikizi wotchedwa Pedro, wa sitolo m'mbali mwa Zambezi, amene anabereka ana mwa mkazi wa Chisena n'kubwerera kwawo osawatenga. Chimene anawasiyira ndi khungu loyererako, mphuno yosongoka, ndi tsitsi lofewa lopotana. A Kaitano anakalambira pa dooko akuwolotsa anthu. Asodzi ankawaitana Mzungu. Ku msika ankati Msena uja. Abale awo a tsidya ankati Mmalawi wathu. Onsewo ankawayankha chimodzimodzi, dzanja m'mwamba.

Tsitsi limenelo ndi limene Macdonald anatengera, iye yekha mwa ana atatu.

"Ndakumva dzulo ndi anzako aja," anatero a Veronika. "Makoma a nyumba ino ndi a bango ndi dothi, si a ku banki."

Apa Macdonald anaika nsapato pansi.

"Mayi, ine ndinabadwira pano kapena ayi?"

"Pano. M'chipinda chomwe muli bokosimo."

"Inu ndinu Mmang'anja kapena ayi?"

"Ndiye nena zimenezo. Nena kuti mayi anga ndi Mmang'anja, palibe adzatsegule pakamwa. Koma amene ali m'bokosi si ine."

"Ndanena mpaka kukhosi kuwawa. Howard akuti Bambo anakwatira mwa Chisena, anapereka chuma kwa amalume, ndiye mwana ndi wa bambo, ndine wa tsidya. Ndikapita ku dooko, anyamata a Augustino akuti mwana wa Mmang'anja ndi wa mayi ake, ndipite kumtunda. Onse akagwirizana, amagwirizana pa chimodzi: Mpwitikizi. Ndiye ine ndine ndani? Munthu wopanda mtundu amaimira ndani?"

"Bambo ako anakhala opanda kufunsa zimenezo, ndipo sanagone ndi njala."

"Bambo sankafuna mpando. Ankafuna bwato lisadonthe."

"Maki, bambo ako aang'ono akubwera lero. A Fanizo. Amene anayamwa bere limodzi ndi amene wagona m'nyumbayu. Ukayenda siya phazi, mwananga, mlomo umakutsatira."

"A Fanizo savota kuno," anatero Macdonald, n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato.

A Fanizo anafika dzuwa lisanafike pamutu, mabwato awiri odzaza, amuna, akazi ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Atatulukira pa chipata, amayi ena anasiya nyimbo pakati. Munthuyo anali a Kaitano enieni, kungoti wamfupi pang'ono: khungu lomwelo, mphuno yomweyo, tsitsi lomwelo litachita imvi. Anagwada pakhomo, analira mwachidule ngati mmene amalirira amuna, kenako anagwira dzanja la a Veronika ndi manja awiri, n'kuthokoza m'Chisena.

"Mlamu, takhuta. Munamusunga mbale wanga."

A Veronika anafuna kuwauza kuti ku manda akakhale chapatali, pamene mawu safika bwino. Koma munthu ungamuuze bwanji kuti akhale patali ndi dzenje la mkulu wake? Anangoti, "Mwayenda bwino, alamu."

Ku manda kunadzaza. Kunali a mpingo ndi mayunifolomu awo, asodzi onunkha utsi, a kabaza atatsamiritsa njinga pa mitengo, ndi amuna a chipani amene anakhala mbali imodzi ngati ana a sukulu. Howard analipo, chipewa pa bondo. Augustino analipo. A Chisangalalo, mchimwene wa a Veronika, mlimi wa thonje wa kufupi ndi Ngabu, anakhala kutsogolo monga malume wa anawo. Bokosi litatsikira pansi, mkulu wa mpingo anati mwana woyamba anene mbiri ya malemu.

Macdonald ankadziwa kuyankhula. Izi ndiye palibe ankatsutsa. Anayamba ndi kuthokoza, anatchula matenda a m'chifuwa amene anawatenga bambo ake, anaseketsa anthu pang'ono ndi nkhani ya mbuzi imene inalumphira m'madzi pakati pa Shire. A Veronika anayamba kupuma. Kenako anamuona akukonza kolala ya malaya, ndipo anadziwa.

"Bambo athuwa ambiri simunawadziwe bwino," anatero. "Munkawaitana mayina osiyanasiyana, iwo osadandaula. Lero ine mwana wawo woyamba ndikufuna ndikonze. Bambo athu anali Mmang'anja. Makolo awo anali a kwa Katunga, ku Chikwawa. Ku Mozambiki anangopitirako ntchito, nkhondo itabuka n'kubwerera kwawo kuno. Sanali obwera ayi. Lero nthaka ikulandira mwini wake."

Amuna a chipani aja anagwedeza mitu. Kumbuyo wina anati, "Eya!" koma anali yekha, ndipo mawu ake anagwa pansi ngati mwala wa m'chitsime chouma. Howard anatsokomola m'chipewa. A Chisangalalo anayang'ana zala za kumapazi kwawo.

A Veronika maso awo anali pa a Fanizo. Mkuluyo anali atamasula kale kansalu m'manja, mmene munali dothi lofiirira limene anakumba pa bwinja la makolo awo kuti aponye m'dzenjemo. Anayang'ana dothilo nthawi ndithu. Kenako anamanganso kansaluko mfundo ziwiri, n'kukabwezera m'thumba la jekete. Pamene achibale ankadutsa kuponya dothi, iwo anatola la pomwepo ngati mlendo wina aliyense.

Muopeni munthu amene wakwiya koma osakweza mawu. Wokalipa amathera pomwepo.

Patapita masiku awiri linafika tsiku lometa. Ndi mwambo umene Asena ndi Amang'anja sakanganirana: maliro akatha, mkazi wa malemu ndi ana ake amametedwa mpala, kuti imfa ituluke m'nyumba ndipo aliyense wokumana nawo pa njira adziwe kuti awa aika munthu wawo. Ogwira lumo amakhala a kwawo kwa malemu. M'mawa umenewo anayala mphasa pa bwalo, anaika beseni la madzi ndi sopo, a Fanizo n'kutulutsa malezala atsopano. Mlongo wawo, amene anabwera naye kuchokera tsidya, anameta a Veronika ndi Anita, mwana wamkazi. A Fanizo anameta Lucky, chitsirizira, mosamala, akumutembenuza mutu ndi chala chimodzi ngati akusankha dzungu.

Macdonald anali atakhala pa mphasa yomweyo, malaya atavula, thaulo pa mapewa. Lucky atadzuka, iye anasendera pamalopo n'kuweramitsa mutu.

A Fanizo anatsuka lumo m'beseni, analipukuta pa thalauza, n'kulikulunga m'pepala.

"Bambo aang'ono, ndatsala ine."

"Ndamaliza."

"Simunandimete."

"Nkhabe," anatero a Fanizo, kukana kwa Chisena kuja kumene sikusiya khomo lotsegula. "Ine ndinabwera kudzameta ana a mkulu wanga Kaitano, mwana wa mayi anga, wa ku Mutarara, mdzukulu wa Pedro. Ndawameta. Iwe bambo ako ndi a kwa Katunga. Dikira a kwa Katunga, mwina basi yawo yachedwa."

Anita anabisa nkhope m'chitenje. Josephine, mkazi wa Macdonald, amene ankabwera ndi madzi ena, anaima pakati pa bwalo ndowa ili pamutu.

"Zija zinali zandale chabe, bambo aang'ono. Inu simukudziwa mmene zilili kuno," anatero Macdonald.

"Ndale umachitira pa dzenje? Ine ndaima apo ndi nkhope iyi, anthu akuyang'ana ine, akuyang'ana iwe. Ndine mzukwa? Mayi anga anabereka mwana wa kwa Katunga liti?"

"Alamu," anatero a Veronika, akukwawira pafupi, mutu wawo wometa ukuwala ndi madzi. "Ndi mwana. Mukamusiya chonchi, imfa itsala pamutu pake. Metani ngakhale pang'ono pokha, pa chipumi."

"Mlamu, inu ndilibe nanu mlandu. Mwana ameneyu ndinamunyamula ali wofiira. Sindikumutaya. Pamene ananenera ndi pamaso pa anthu, abwezenso pamaso pa anthu. Aime ku tchalitchi kaya ku msika, anene kuti bambo anga anali Msena wa ku Mutarara, magazi a Chipwitikizi ali momwemo, ndinanama. Akatero awoloke Ruo, lumo alipeza."

Macdonald anatembenukira kwa a Chisangalalo, amene anali pa mpando wa ndalema akusenda nzimbe.

"Amalume, ndimeteni inu. Si ine mbumba yanu?"

A Chisangalalo anatafuna, analavula zotsalira, n'kupukuta pakamwa.

"Ukadzafa iwe, kapena mayi akowa, lumo lidzakhala langa. Maliro awa si anga. Kaitano tinamulandira ngati mlendo, anakhala nafe bwino, sanatinamizepo kuti ndi wathu. Ndiye dzana ndikupita kokagula fodya, anthu akundifunsa, a Chisangalalo, kwa Katunga kwake mudzi uti? Ndiwayankhe chiyani? Ife Amang'anja tasauka, inde, koma sitinafike poba mitembo ya eni."

"Ndimachitira inu nomwe! Kuti mpando ukhale kwathu!"

"Kwathu kuti?" anafunsa a Chisangalalo, n'kuluma nzimbe ina.

A Fanizo ndi anthu awo anawoloka masana omwewo. A Veronika anawaperekeza mpaka pa dooko, akuwachenjeza za mvuu imene inkaoneka pa mathiriro a Ruo, za mphepo ya madzulo, za bwato lachiwiri limene linkaoneka lolemera mbali imodzi. A Fanizo anamvetsera zonse mwaulemu. Za lumo sanabwererenso.

Masiku otsatirawo a Veronika anamulondalonda mwana wawo ngati nkhuku ya anapiye.

"Gwira tambala uyo, uwoloke. Lamulungu uime m'tchalitchi, mawu atatu okha. Manyazi sapha."

"Chisankho chili Loweruka, Mayi. Ndikaime pamaso pa anthu n'kunena kuti ndinanama? Howard adzavina mpaka ku Bangula."

"Avine. Miyendo ndi yake."

"Chikadutsa chisankho ndipita."

"Imfa sidikira chisankho. Usadye mchere wa m'nyumba za eni uli choncho. Usanyamule khanda la munthu. Usalowe m'khola."

"Mayi!"

Lachitatu anapita kwa wometa wa pa msika, mnyamata wa Chisena amene ankamumeta kuyambira kale. Mnyamatayo anamuyang'ana pa galasi, anayang'ana makina ake, n'kunena kuti, "Magetsi athima, bwana khansala." Wailesi imene inalumikizidwa pa khoma lomwelo inali ikuimba. Amene anali pa benchi anayang'ana kudenga.

Atabwerera kunyumba, Josephine anatulutsa sizasi. A Veronika anakuwa ngati aona njoka.

"Mkazi sameta mwamuna wake maliro! Ukufuna umuike ndiwe?"

"Nanga titani, apongozi? Ku chigayo akundifunsa ngati amuna anga ndi mwana wa m'nyumba muno kapena wopeza."

"Zisiyeni," anatero Macdonald. Anadziyang'ana pa kagalasi ka pa zenera, akusisita tsitsi lija, limene tsopano linali litatalika n'kuyamba kupotana m'mbali mwa makutu. "Ndikameta lero, Howard anena kuti ndikubisa tsitsi la Pedro. Likhale. Anthu savotera mutu."

Anapitiriza kuyenda m'midzi. Kumtunda ankamulandira, kumupatsa mpando, kumvetsera za mjigo ndi za mlatho, maso ali pamwamba pa chipumi chake. Ku dooko asodzi ankamupatsa moni wa Chimang'anja wokhawokha, wautali, waulemu wopitirira muyeso, ngati akulonjera mlendo wochokera kutali. Iye ankabwera madzulo n'kunena kuti zikuyenda.

Loweruka a Veronika anavala zakuda, anamanga duku, n'kunyamuka. Anita anawaletsa kuti namfedwa wa masiku ochepa sayenda m'magulu. Iwo anati akudziwa, ndi iwo amene anamuphunzitsa zimenezo, koma mwana wawo sangakaime pa bwalo msana uli pamtunda popanda womuyang'anira kumbuyo. M'magulu ndi mmene anthu amaponyerana zinthu.

Bwalo la sukulu linali fumbi lokhalokha. Akuluakulu a chipani ochokera ku boma anakhala pa tebulo pansi pa mtengo. Opikisana atatu anaimikidwa kutsogolo motalikirana, atafulatira anthu, n'kuuzidwa kuti wotembenuka achotsedwa. Mluzu utalira, anthu anathamanga. A kumtunda anakhamukira kwa Howard. A m'mbali mwa mtsinje, ngakhale aja ankadya m'nyumba ya a Kaitano, anapita kwa Augustino. Kumbuyo kwa Macdonald kunaima a Veronika, Josephine, Anita, Lucky, amuna awiri a pansi pa nimu aja, a mpingo angapo, ndi ena amene ankaoneka kuti akuyang'anabe uku ndi uku.

Owerenga asanayambe, kunamveka nyimbo kuchokera njira ya ku dooko. Linali gulu la amayi a nthambi ya chipani ya ku dambo, aja amakhala pa zilumba za m'mabango n'kumawamba nsomba. Anali ambiri, ochuluka moti a pa tebulo anaimirira n'kuuza owerenga kuti adikire. Kutsogolo kwawo kunkayenda gogo wina wamng'ono thupi, ndodo m'manja, maso atachita ng'ala. Anali a Evelesi, amene amayi a ku dambo sankachita kanthu asanawafunse.

"Ali kuti mwana wa Kaitano?" anafunsa mokweza. "Uthenga wa maliro watipeza mochedwa. Tamva kuti mwana wake waima pano. Tabwera kudzaima kumbuyo kwake."

A Veronika anaona msana wa Macdonald ukuwongoka. Mmodzi wa amuna a chipani aja anathamanga, anagwira gogoyo pa mkono n'kumufikitsa kutsogolo.

"Ndi awa, gogo. A Macdonald, oyamba kubadwa."

"Werama, mwananga. Maso anga ndi manja."

Macdonald anawerama. Dzanja louma lija linakwera pa phewa, pa khutu, n'kufika pamutu. Linakhala pamenepo. Zala zinalowa m'tsitsi, zinalipota pang'ono, n'kulisiya.

"Ndi lomweli," anatero a Evelesi. "Tsitsi la Kaitano. Ndinaligwira ndi manja awiri chaka cha madzi aakulu, akundivuula. Ndiwe wake ndithu. Nanga likutani pamutu, bambo ako ali m'dothi?"

Macdonald anatsegula pakamwa, koma amene anayankha anali wina wa mu mzere wa Augustino.

"Bambo ake ndi a kwa Katunga, gogo! Akudikira lumo la kumeneko!"

Mizere iwiri yonse inaseka, ya Asena ndi ya Amang'anja, kuseka kumodzi.

"Kwa Katunga?" anatero a Evelesi. "Kaitano?" Sanaseke. Anatembenuzira nkhope kumene kunachokera mawuwo. "Ife tinali pa chulu, madzi ali m'chiuno. Asena, Amang'anja, ena a tsidya opanda ndi chitupa chomwe. Bwato limodzi. Wina anakuwa kuti yambani ndi eni mudzi. Kaitano anati, kwerani, za mitundu tikakambira pouma. Anabwerera, anabwereranso, mpaka chulu chinatsala chokha. Titafika pouma sanafunse munthu."

Anachotsa dzanja pamutu pa Macdonald.

"Namfedwa ali kuti?"

"Ndili pano, mayi," anatero a Veronika. Anali kumbuyo kwenikweni kwa mwana wawo.

A Evelesi anapapasa mpaka anawapeza. Dzanja linalowa pansi pa duku, linakhudza mpala umene unali utangoyamba kumera ngati mbande za mpunga. Pomwepo gogoyo anaponya ndodo, anakhala pansi pa fumbi miyendo atatambasula, n'kuyamba kulira maliro amene anawaphonya. Amayi a ku dambo anakhala pansi onse, gulu lonse, kuzungulira pamenepo.

Munthu salandira chipepeso ataimirira. A Veronika anayang'ana msana wa mwana wawo, malaya atanyowa ndi thukuta pakati pa mapewa. Anayang'ana gogo amene ankawakoka chitenje. Kenako anakhala pansi. Anita anakhala. Josephine anazengereza, kenako anakhala. Lucky anagwada pambali pa mayi ake. A mpingo aja, poona kuti pali maliro, anakhala nawonso, mmodzi n'kuyambitsa nyimbo.

"Amayi, imirirani!" anakuwa wa pa tebulo. "Okhala pansi sitiwerenga! Tikuyamba!"

"Mayi," anatero Macdonald chapansipansi, nkhope ili kutsogolo, poti wotembenuka achotsedwa. "Mayi, auzeni aimirire. Pang'ono pokha. Mayi."

A Veronika anamumva. Koma dzanja la a Evelesi linali lidakali pamutu pawo, likusisita pang'onopang'ono, ndipo amayi ena ankasendera mmodzimmodzi kudzawagwira m'manja, aliyense akutchula dzina la mwana wake amene anakwera bwato lija.

Wowerenga anafika pa mzere wa Macdonald, anagwira mapewa a amuna awiri a chipani ndi a anthu ena ochepa amene anali chiimire, n'kudutsa kupita kwa Howard, kumene mzere unakhota mpaka ku zigoli za mpira. Macdonald anatsala ataima pa dzuwa, tsitsi likugwedezeka ndi kamphepo ka ku mtsinje. Kumbuyo kwake kunali gulu lalikulu kuposa onse pa bwalolo, lonse lili pansi.